Ankati ndi mimba, chonsecho inali njala

Anzanga, ambiri mwa inu munamva kuti teremu yatha ndinagwa pamsewu, pafupi ndi mlatho uja. Nkhaniyo inafika m'makalasi mwanu ine ndisanadzuke n'komwe. Ena ankati ndi malungo, ena ankati ndi zakumudzi, ndipo ena ankanong'onezana zija mukuzidziwa. Ndiye ndati bola ndilembe ndekha, muimve kwa mwini wake.

Ine ndine wojintcha. Ndinabadwa choncho, amayi anganso ndi otero, ndipo kumudzi palibe amene anadandaulapo. Agogo akandiona amati, "Uyu ndiye mwana wodyetsedwa." Kusukulu kuno ndi nkhani ina. Tili Fomu 1 anyamata okhala kumbuyo anandipatsa dzina loti Chigubu, ndipo tsiku lomwe ndinayamba kusewera mpira wamanja wina anakuwa kuti aliyense agwire khoma, kukubwera chivomezi. Ndinaseka nawo. Kunyumba ndinakalirira kuseri kwa nkhokwe.

Pa tchuthi cha Khirisimasi kunabwera asisi anga, mwana wa amalume, amene amakhala ku Lilongwe. Iwo amagwira ntchito m'sitolo ndipo madzulo amapita ku jimu. Nditawauza vuto langa anandipatsa malamulo awiri. Loyamba, nsima ndi imene imanenepetsa, ndiisiye. Lachiwiri, ndikangomaliza pulakatisi ndizidya chotsekemera msangamsanga, mphindi 30 zisanathe, chifukwa nthawi imeneyo thupi silisunga chilichonse ngati mafuta. Anandionetsa kanema pafoni yawo: mzungu wa minofu ngati ng'ombe yapangolo, atakhala m'galimoto, akudya maswiti pamene wangotuluka ku jimu. Ndinakhulupirira. Wa ku tauni wanena, foni yanenanso, ine ndine ndani?

Sukulu itatsegulira ndinapanga dongosolo langa. M'mawa phala ayi, madzi okha, kenako makilomita 7 wapansi. Pa buleki ndinkakhala m'kalasi ngati ndikukopera notsi. Lachiwiri ndi Lachinayi wezulo yomaliza ikangolira ndinkathamangira kwa amayi ogulitsa pageti paja, mandasi atatu ndi filizi, kudya mofulumira ngati ndikupikisana ndi wotchi. Madzulo kunyumba ndinkati m'mimba mukupota, n'kungonyambita ndiwo. Masiku opanda pulakatisi mandasi ndinkagulabe, podziuza kuti kuyenda wapansi ndi pulakatisinso. Ndipo chimene sindinauzepo munthu ndi ichi: usiku onse akagona njala inkandidzutsa, n'kupita kukhitchini kukadya mkute mumdima ngati khoswe.

Zinatenga masabata asanu. Siketi sinakhwepe ngakhale pang'ono. Chimene chinasintha ndi mutu. Ikamakwana 10 koloko zolemba za pabolodi zinkayamba kuvina, ndipo pa mayeso a masamu ndinapeza malikisi amene sindilemba pano. Ndinkakwiya ndi zinthu zopanda pake, mng'ono wanga ndinamumenya chifukwa cha sopo. Pabwalo, ine amene ndimasewera GK, wogoletsa aliyense ankandidutsa ngati ndine mtengo wa goli.

Tsiku logwalo linali Lachinayi mu February. Mukudziwa mmene mwezi umenewu umakhalira, ndalama m'nyumba mulibe, ndiye m'mawa amayi sanandipatse kalikonse. Ndinasewera osadya chiyambire mkute wa usiku, dzuwa lija lotentha mvula ikangokata, kenako n'kuuyamba ulendo. Ndikukumbuka kuti miyendo inayamba kunjenjemera, thukuta lozizira, m'makutu kulira ngati nyenje. Kenako mdima. Ndinatsitsimuka mutu wanga uli pamiyendo pa amayi ena amene ankachokera kuchigayo, akundimwetsa thobwa la m'kabotolo kawo. Anaimitsa wakabaza n'kulipira okha. Mpaka lero dzina lawo sindilidziwa.

Kugwa sikunandiwawe ngati zimene ndinapeza kunyumba.

Agogo anathamangitsa ana onse, n'kundikhazika pamphasa. "Iwe, utiuze zoona. Mwezi uno wasamba?" Ndinati eya. Sanakhulupirire. Anayamba kuwerenga ndi zala: mtsikana akukana nsima, akudandaula m'mimba, akuchita chizungulire, akupsa mtima, ndiponso akudzuka usiku kukadya mkute. Kani ankandimva masiku onsewo! Kunena zoona, ndikanakhala ine agogo ndikanaganizanso chimodzimodzi. Amayi sanakalipe. Anangoyang'ana pansi n'kunena kuti, "Ndinagulitsa mbuzi kuti iwe upite ku sekondale." Bola akanandimenya. Usiku umenewo ndinamva akukambirana kuti zikakhala zoona sukulu yathera pomwepo, ndipo ine ndinagona ndikudziwa kuti ndilibe mlandu koma ndilibe poyambira kufotokoza. Ungawauze bwanji agogo, mu February, anthu ena akugona ndi njala yeniyeni, kuti ukukana nsima dala?

M'mawa tinapita kuchipatala. Anandibaya chala kuyeza malungo, anayezanso mkodzo. Zonse ziwiri palibe. Anesi anandifunsa kuti dzulo ndinadya chiyani, nanga dzana, nanga dzana linalo. Nditayankha anavula magalasi n'kuwauza amayi kuti, "Mayi, mwana wanuyu ndi njala basi." Kenako anatembenukira kwa ine. Anati pa zaka 15 thupi likukulabe, mafupa akukhwima, ndipo mtsikana amataya magazi mwezi ndi mwezi, choncho si msinkhu wodzimana chakudya. Ngati kulemera kwanga kukundidetsa nkhawa ndibwere andiyeze iwo, osati kufunsa foni. Pobwerera amayi anandigulira nthochi pamsika. Tinayenda mtunda wautali osayankhulana, kenako anati, "Ndiye umatikanira nsima chifukwa cha anyamata opusa?" Ndinalibe yankho.

Amene anandimasulira nkhani ya chotsekemera ija ndi madamu athu a Biology, omwenso amatiphunzitsa mpira. Zambiri zinali zomwe tinalemba kale mu notsi, kungoti ine ndinkaziloweza chifukwa cha JCE osadziwa kuti akunena za thupi langa lomweli.

Nsima, mbatata, chinangwa, mpunga, buledi, shuga, zonsezi ndi makabohaidireti, ndipo zikagayidwa zimasanduka gulukosi amene amalowa m'magazi. Kugayako kumayambira m'kamwa momwe. Yesani kutafuna chinangwa chophika nthawi yaitali osameza, mumva chikuyamba kutsekemera, ndiye kuti amylase wa m'malovu wayamba kuswa sitachi. Gulukosi wina thupi limagwiritsa ntchito pompopompo, wina limasunga m'chiwindi ndi m'minofu ngati glycogen. Madamu anati glycogen ali ngati ufa wa m'ndowa ya m'khitchini, ndi wochepa koma uli pafupi, pomwe mafuta a m'thupi ali ngati chimanga cha m'nkhokwe, n'chambiri koma mpaka utokole, upite kuchigayo. Ukamathamanga pabwalo umatapa kwambiri m'ndowa. Ubongo nawo umadalira gulukosi, n'chifukwa chake bolodi linkavina.

Ndiye asisi aja sananame zonse. Ukangomaliza kusewera ndowa imakhala itatsika, ndipo minofu imalandira gulukosi mofulumira kuposa nthawi zina. Koma changu chimenecho n'chofunika kwa munthu amene aseweranso patangopita maola ochepa, ngati tsiku la mpikisano lija timasewera m'mawa, masana, kenako madzulo. Ife amene timasewera Lachiwiri n'kudzaseweranso Lachinayi, chakudya cha masiku onse chimadzadzitsa ndowa ija tsiku limodzi lisanathe kapena kupitirira pang'ono. Ndipo mphindi zamatsenga zoti chimene wadya sichiwerengedwa kulibe. Thupi limaona zonse zomwe zalowa ndi zonse zomwe zagwiritsidwa ntchito, tsiku ndi tsiku, sabata ndi sabata.

Pamene ndinachita manyazi kwambiri ndi pa mandasi. Ine ndinkati ndikudya chakudya chofulumira, eti? Madamu anaseka. Mandasi amakazingidwa m'mafuta, ndipo mafuta amachedwetsa chakudya m'mimba. Komanso galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9 pomwe ya makabohaidireti ili ndi 4. Ndiye kuti ndinkakana mtanda wa mgaiwa, umene ukanandisunga mpaka m'mawa, n'kumadya ufa woyera wonyowa ndi mafuta. Filizi nayo ndi madzi, shuga ndi utoto basi. Shuga wake amalowa m'magazi msanga, kapamba amatulutsa insulin kuti amutsitse, ndipo posakhalitsa njala yabwereranso. Zofulumira zenizeni zili m'minda mwathu momwemu, monga nthochi yakupsa ndi nzimbe. Nthochi ikamapsa sitachi yake imasanduka shuga, n'chifukwa chake yaiwisi ndi yophika pomwe yakupsa ndi yongosenda. Zochedwa ndi ngati mgaiwa ndi nyemba, kapena phala lothira nsinjiro, chifukwa gaga, mapuloteni ndi mafuta a mtedza zimapangitsa kuti gulukosi azilowa pang'onopang'ono.

Koma pali china chimene madamu sananene, ndinachiganiza ndekha ndikuyenda. Mzungu wa m'kanema uja akamaliza masewero amalowa m'galimoto. Asisi amakwera minibasi. Ine wezulo ikalira ndiye kuti ulendo wa makilomita 7 ukungoyamba, ndikafika kuli kutunga madzi, mwinanso kudimba. Malangizo aja anapangira anthu amene tsiku lonse amakhala pampando, thukuta lawo n'la ola limodzi lolipira. Ife a deyi tili ndi chifukwa chathuchathu chodyera kanthu tikamaliza pulakatisi, ndipo si minofu kapena kuonda ayi. N'kuti tikafike kunyumba ndi miyendo yathu.

Tsiku lina ndinawafunsa madamu ngati osewera akuluakulu amadzimana chakudya. Anandikumbutsa za Mwawi Kumwenda, amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa mpikisano wa dziko lonse wa 2015 ku Sydney, ndipo kenako anati, "Ukuganiza kuti munthu angalumphe choncho masewero onse atangomwa madzi m'mawa?" Anawonjezanso kuti GK wojintcha ndi amene iwo amamufuna, bola akhale ndi mpweya. Kaya ankangondisangalatsa, kaya, koma ndinazitenga.

Panopa m'mawa ndimamwa phala la mgaiwa, nsinjiro zikakhalapo ndimathira. M'chikwama ndimatenga mbatata yootcha kapena chimanga chophika, malinga ndi nyengo. Pulakatisi ikatha ndimamwa madzi kumjigo, n'kudya nthochi ziwiri ndi kamtedza ndisanauyambe, ndipo madzulo nsima ndimadya pamodzi ndi anthu, masamba ochuluka, osati mumdima. Mandasi sindinasiye, musandinamizire. Ndimagula limodzi Lachisanu, ndipo ndimalidya pang'onopang'ono chifukwa palibe wotchi imene ikundithamangitsa. Si masiku onse zimatheka. Pali masiku amene kunyumba kulibe chotenga, ndipo tsiku lotero ndimawauza madamu n'kukhala panja pa bwalo m'malo modzionetsa kulimba.

Ndikudziwa funso lomwe muli nalo: nanga waonda? Sindikudziwa. Kwathu sikelo ili ndi mavenda ogula soya okha, ndipo sindikadzipachika pamenepo. Siketi ndi yomwe ija. Chimene ndikudziwa n'chakuti masitepe a kumsika sandipumitsanso wefuwefu, masamu akwera, ndipo mwezi watha wogoletsa wa Fomu 4 anadandaula kuti ndikumutsekereza. Dzina la Chigubu lilipobe. Masiku ena limawawa, masiku ena ayi. Asisi ndinawaimbira pa foni ya amalume, anapepesa, koma anati kwa iwo njirayo ikuyenda. Sindinatsutse, moyo wawo ndi wanga n'zosiyana. Agogo okha ndi amene sanapepese. Akuti anachita bwino kufunsa, ndipo mpaka lero ndikamadya amawerenga mitanda.

Pali mtsikana wina wa Fomu 1 amene wayamba kubwera ku pulakatisi teremu ino. Dzina sinditchula. Ndamuona katatu pa buleki akugawa chakudya chake chonse kwa anzake, iye n'kutsala m'kalasi ngati akukopera notsi. Iwe, ngati ukuwerenga, Lachinayi ndimakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa goli ya kumunsi. Nthochi ndibweretsa zinayi.