Lumo limafuna dzanja lopepuka

Malumo opinda ambiri amene anthu amandibweretsera kuti ndiwakonze amakhala atawonongedwa ndi eni ake ponola. Munthu anazolowera mpeni wa kukhitchini kapena chikwanje, ndiye amadzutsa msana wa chitsulo, kukanikiza ndi mphamvu zonse, n'kumakwecha mpaka mwala kulira. Lumo silifuna zimenezo.

Ndine wometa, koma ndinene msanga kuti makasitomala sindiwameta ndi lumo lotere. Chifukwa cha HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, aliyense amafuna kuona lezala latsopano likutulutsidwa m'pepala iye akuona, ndipo akulondola. Malumo amene ndimanola ndi anga, komanso a azibambo ochepa amene amadzimeta okha kunyumba. Ena analandira kwa agogo awo, ndipo pafupi ndi chigwiriro pamalembedwa Sheffield kapena Solingen, mizinda ya ku England ndi ku Germany yodziwika ndi zitsulo zodulira. Lezala lotaya limene King Gillette analembetsa ku America mu 1904 linachotsa malumo amenewa m'nyumba zambiri, koma ku Solingen akupangabe mpaka lero.

Amene anasula lumo anaganizira kale za wonola. Analikumba mbali zonse ziwiri kuti pakati pakhale polowa, moti ukaligoneka pamwala, pamagunda msana ndi mbali yakuthwa basi. Kunenepa kwa msana ndi kumene kumapereka kapendekedwe koyenera, pafupifupi madigiri 16. Ntchito yanga ndi kuligoneka n'kusalidzutsa. Ndikadzutsa msana ngakhale pang'ono, ndafufuta zimene wosula uja anayeza.

Ndisanayambe ndimayesa kaye mwalawo. Ndimaulemba mizere ndi pensulo, kenako n'kuukhutiza pa sandipepala wonyowa amene ndayala pagalasi. Mizere ikafufutika m'mbali n'kutsala pakati, ndiye kuti mwala unadyeka ndipo uli ndi chigwa. Ndimapitiriza mpaka yonse itatha. Anthu amanyalanyaza zimenezi, kenako amadabwa kuti lumo silikuthwa mofanana.

Miyala ya madzi ya ku Japan imakhala ndi manambala. Wa 1000 ndi wokhakhala, umadya chitsulo, ndipo ntchito yaikulu imachitikira pomwepo: mbali ziwirizo zikumane bwinobwino kuyambira ku chigwiriro mpaka ku nsonga. Kuti ndione ngati zakumana, ndimapaka inki ya maka m'mphepete monse, n'kuyendetsa lumo kangapo. Pamene inki yatsala, mwala sunafikepo. Nthawi zambiri imatsala kunsonga, kamzere kakuda kopyapyala kamene umakaona ukapendeketsa chitsulo kuwindo. Kuthamangira mwala wosalala kamzereko kadakalipo n'kutaya nthawi, chifukwa wa 4000 ndi wa 8000 imangofufuta mikwingwirima ya wa 1000 uja. Pali mwala wina wachikasu wa ku Belgium, wokumbidwa m'dera la Vielsalm, umene uli ndi timiyala ta garnet tosaoneka ndi maso. Ukaukhutiza ndi kamwala kena umatulutsa matope amene amadya chitsulo msanga, ndipo ukamathira madzi pang'onopang'ono umasanduka wosalalitsa. Ndimaukonda, ngakhale mtengo wake ndi wosayamba.

Pamwala mbali yakuthwa ndiyo imatsogola, ndipo ndimayendetsa mopingasa kuti chitsulo chonse chidutsepo. Ndikafika kumapeto ndimaligubuduza pa msana wake n'kubwerera. Pa mwala womaliza sindikanikiza n'komwe, kulemera kwa lumo lokha n'kokwanira. Madzi amandiuza: akayamba kukwera pamwamba pa chitsulo m'malo mokankhidwa kutsogolo, ndiye kuti zikuyenda.

Komabe mwala ndi wa apo ndi apo. Lumo losamalidwa limatha miyezi osaufuna, ndipo nthawi iliyonse imene lagundapo limachepa. Cha tsiku ndi tsiku ndi lamba wa chikopa. Ukameta, m'mphepete muja mumapindika ngati udzu wogona ndi mphepo, ndipo chikopa chimaudzutsa. Ndimakoloweka lamba pamsomali, kumukoka kuti akungike, n'kuyendetsa lumo msana uli patsogolo, maulendo 40 kapena 50 ndisanamete. Lamba akakhala wolendewera amakulunga m'mphepete, lumo n'kubuntha likuoneka lonyezimira. Ukatembenuzira ku mbali yakuthwa, wadula lamba. Achinyamata amakonda kuthamanga kuti limveke phwa phwa ngati m'mafilimu, koma phokosolo ndi chitsulo chikumenyetsedwa.

Poyesa sindigwiritsa ntchito pepala, limabunthitsa. Ndimadutsitsa lumo pamwamba pa ubweya wa pamkono osakhudza khungu. Likamagwira ubweya n'kuudula uli chiimire, lafika. Woweruza weniweni ndi chibwano chonyowetsedwa ndi madzi ofunda ndi thovu la sopo. Likamakoka ndevu kapena kusiya moto pakhosi, ndimabwerera pa mwala wa 8000.

Malumo akale ambiri ndi a chitsulo chosachedwa kuchita dzimbiri. Nyengo ya mvula, kapena kwa amene amakhala kunyanja, usiku umodzi ndi wokwanira kuti timadontho takuda tioneke. Ndikatsuka ndimalipukuta kuchokera ku msana, kuuzira polumikizira chigwiriro pamene madzi amabisala, n'kulisiya lotsegula kuti liume. Ngati likhala nthawi osagwira ntchito, ndimapaka kadontho ka mafuta a makina osokera. Kubafa silikhala.

Ngozi ina ndi mpopi. Munthu akutsuka thovu, lumo n'kugunda chitsulo, pamabenthuka. Kobenthuka kakang'ono ndimakachotsa pa mwala wa 1000, nditamata tepi pamsana kuti usadyeke pa ntchito yaitaliyo. Koma ngati mng'alu walowa m'kati mwa chitsulo, ndimabweza lumolo kwa mwini wake ndi ndalama zake, n'kumuuza kuti: "Bambo, ili musungire chikumbutso, pakhosi musaliyikenso."