Ku Moreton-in-Marsh, Kumene Moto Amachita Kuuyatsa Dala

Dzuwa lisanakwere, antchito a pa Fire Service College ayamba kale kututira matabwa m'makontena achitsulo. Sukuluyi ili m'mbali mwa katauni ka Moreton-in-Marsh, ku Gloucestershire m'dziko la England, pamalo amene kale anali bwalo la ndege zankhondo. Ozimitsa moto akhala akuphunzira pano kuyambira mu 1968, ndipo kampani ya Capita inagula sukuluyi kuboma mu 2013.

Akamaliza kadzutsa, ophunzira amafola, zisoti kumutu, masilinda a mpweya kumsana. Silinda imodzi imam'sunga munthu kwa mphindi 30 kapena kuposerapo pang'ono, koma wamantha amapuma mwaphuma n'kuimaliza msanga. N'chifukwa chake pakhomo pamaima munthu wa bolodi, kulemba amene walowa, mpweya umene ali nawo ndi nthawi imene ayenera kutuluka. Ntchitoyi imaoneka yotopetsa, koma akalakwitsa iyeyu mnzake amafera m'kati.

M'kontenamo amagwada pansi, mphunzitsi n'kuyatsa matabwa. Sawalola kuthira madzi msanga. Akufuna aone utsi ukukhuthala kudenga, ukutsika, malawi akuyamba kuyenda mu utsi momwemo. Patsala pang'ono kuti chipinda chonse chiyake nthawi imodzi, ndipo kudengako kwatentha kufika madigiri 500. Amene anazionapo ndi maso saiwala.

Masana phokoso limasamukira ku M96, msewu waukulu wongoyerekeza umene anaukonza panjira yakale ya ndege. Pali galimoto zogubuduzika, ena akudula zitseko ndi zodulira zamphamvu kuti atulutse chidole cholemera ngati munthu wamkulu. Chapatali pali sitima yapamadzi imene sinakhudzepo nyanja, mabogi a sitima yapamtunda, ndi nyumba zogumuka zophunzirirapo kufukula anthu. Likakhala Lachiwiri, kutauniko kuli msika, anthu akugula tchizi ndi maluwa utsi ukufuka kuseri kwa mitengo.

Kwa ine, nthawi yofunika kuiyang'anitsitsa ndi ya chakumadzulo, moto utazima. Kale yunifolomu yakuda bii ndi mwaye inali ulemu, chizindikiro choti munthu wagwiradi ntchito. Mu 2022 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika ntchito yozimitsa moto m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Tsopano zovala amavulira panja n'kuzimanga m'matumba, kupukuta khosi ndi manja, kenako kukasamba asanagwire chakudya. Aliyense wojambula mapulani a sukulu yatsopano ya ozimitsa moto ayenera kuyambira pamenepa: mbali ya zakuda ndi mbali yaukhondo zisakumane, chochapira chikhale pafupi ndi nyumba yoyatsamo moto, madzi a thovu lozimitsira asalowerere m'nthaka, chifukwa thovu lakale linali ndi mankhwala a PFAS amene saola.

Pa chakudya chamadzulo mkangano ndi wa nthawi zonse, wokhudza moto wophunzitsira. Ena akuti moto wa gasi ndi wabwino, umazima ukangotseka ndipo suipitsa mpweya. Achikulire akupukusa mutu, ati gasi satulutsa utsi umene wophunzira adzakumane nawo m'nyumba ya munthu. Nkhani ya Grenfell Tower, nyumba ya ku London imene inapsa mu 2017 n'kupha anthu 72, siichedwa kulowa. Lipoti lomaliza la kafukufuku wa ngoziyo, la mu 2024, linapempha boma kukhazikitsa koleji yoima payokha ya ozimitsa moto ndi opulumutsa anthu, ndipo boma linavomera.