Chakumwa Chozizira cha m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Mwezi wa Novembala ukamapita kumapeto, mapiri a Dowa ndi Ntchisi amakhala pakati pa nyengo ziwiri. Mvula yoyamba imakhala itagwa n'kuzimitsa fumbi, alimi ali kalikiliki kubzala, koma masana dzuwa limaswabe mtengo. Mlendo amafika pakhomo kukhosi kutauma gwa, ndipo mwini nyumba amayamba kuganiza za chomupatsa kuti amwe asanateleke n'komwe mphika. Ndi nyengo yomweyinso imene mango ndi masuku amadzaza m'mabeseni m'mphepete mwa msewu.

Ife othandiza pa zaumoyo mumpingo tinayenda m'maboma awiriwa tili ndi nkhani imene makolo ambiri akhala akutifunsa. Ana athu amene amaphunzira kapena kugwira ntchito ku Lilongwe aona chakumwa chimene chatchuka m'malo odyera a m'tauni: khofi wozizira, wothira mkaka, shuga, madzi a zipatso ndi timiyala ta madzi oundana. Akabwera kumudzi pa tchuthi amachilakalaka. Kungowaletsa sikuthetsa ludzu lawo. Tinkafuna kuona ngati mapiri amenewa angatipatse chakumwa chokoma ndi chozizira chimodzimodzi, koma chopanda kafeini, chopanda shuga wambiri, ndiponso chopangidwa ndi madzi abwino.

Njira ya ku Dowa

Ukachoka ku Lilongwe pa msewu wa M1 n'kudutsa pa Lumbadzi, umakhota kudzanja lamanja kulowera ku Dowa. Usanafike pa boma umadutsa pa Dzaleka, pamene kale panali ndende ya akaidi a ndale, ndipo kuyambira 1994 pakhala msasa wa anthu othawa kwawo. Ambiri anachokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ena ku Ethiopia ndi Somalia. Angapo mwa mayiko amenewa ndi olima khofi kwambiri, ndipo ku Ethiopia ndiko kwawo kwenikweni kwa mbewuyi. Kumeneko kulandira mlendo ndi khofi ndi mwambo waukulu. Izi zinatikumbutsa kuti chakumwa si nkhani ya kukhosi kokha. Ndi njira imene banja limauzira mlendo kuti walandiridwa. Kwathu kuno ntchito imeneyi yakhala ya thobwa ndi madzi a mumtsuko kuyambira kale.

Kupitirira pa boma, mapiri amayamba kuthithikana. Phiri la Kongwe limaonekera patali, ndipo m'munsi mwake muli mishoni yakale ndi sukulu ya sekondale ya Robert Blake. Chakum'mawa, ukadzera pa Chezi kutsikira ku Salima, umafika pa Mvera, pamene amishoni a Dutch Reformed anakhazikitsa malo awo oyamba m'dziko muno mu 1889. Pamene msewu ukutsika, kutentha kumawonjezeka ndipo mitengo ya milambe imayamba kuoneka. Malambe ambiri ogulitsidwa m'misika ya kumapiri amakwera kuchokera kumunsi kotenthako. Tinagula thumba laling'ono, chifukwa malambe ouma amasungika miyezi yambiri ndipo ali ndi vitamini C wochuluka.

Masuku ndiwo a kumapiri kwenikweni. Amamera okha m'nkhalango zachilengedwe, ndipo ana amawatola m'mamawa akagwa. Mayi wina amene tinamugula masuku anatilangiza kuti, "Amayi, sankhani ofewa, amene mukawafinya pang'ono amang'ambika okha. Olimbawo akakusiyirani khambi m'kamwa." Anadandaulanso kuti chaka ndi chaka ana akuyenda mtunda wautali kuti awapeze, popeza mitengo yapafupi inatha ndi makala.

Soya wa ku Mponela

Kuchokera ku Dowa tinabwerera pa M1 n'kulunjika pa Mponela, pafupifupi makilomita 60 kuchokera ku Lilongwe. Apa ndi pamsika waukulu wa zokolola. Dera lonseli ndi la fodya, chimanga, mtedza ndi soya. Soya amakololedwa mu Epulo ndi Meyi, ndipo mabanja ambiri amagulitsa yense kwa mavenda osasiyako ndi ndowa imodzi yomwe ya pakhomo. Izi n'zomvetsa chisoni, chifukwa mwa mbewu zonse za mtundu wa nyemba zimene timalima, soya ndiye ali ndi chakudya chomanga thupi chochuluka koposa. Ndiyenso maziko a chakumwa chimene tinkachifuna. Amayi a Dorika akhala akukazinga soya n'kupanga chakumwa chotentha cha m'mawa kwa zaka zambiri, ndipo pa misonkhano ya misasa sichisowa. Chatsopano ndi kuchiziziritsa ndi kuchisakaniza ndi zipatso.

Pogula soya tinayang'anitsitsa kuti akhale wouma bwino, wosafumbwa, wopanda fungo la chuku. Tinafunsanso ngati sanathiridwe mankhwala osungira mbewu. Soya wokonzedwa kuti akhale mbewu yobzala, makamaka wopakidwa mtundu, sayenera kudyedwa ngakhale atatsukidwa.

Kumene khofi amamera

Msewu wochoka pa Mponela kupita ku Ntchisi umakwera pang'onopang'ono, ndipo mphepo imayamba kuzizira. Kupitirira pa boma la Ntchisi kulowera kum'mawa kuli phiri la Ntchisi, lotalika mamita oposa 1,600, ndi nkhalango yake yotetezedwa imene imakhala yobiriwira chaka chonse. Akuluakulu amasimba kuti makolo ankabisala m'nkhalangoyi pa nthawi ya nkhondo za Angoni. Kukakhala kopanda mitambo, munthu ataima pamwamba amaona nyanja ya Malawi cha ku Nkhotakota. Akasupe ochokera m'nkhalangoyi ndiwo amamwetsa midzi ndi madimba a m'munsi.

M'mapiri amenewa alimi ang'onoang'ono amalima khofi pamodzi ndi nthochi ndi mtedza wa makademiya. Khofi anafika m'dziko muno mu 1878, pamene Jonathan Duncan, wosamalira minda pa mishoni ya Blantyre, anabweretsa mbande kuchokera ku Edinburgh. Amakonda malo okwera ndi ozizira, n'chifukwa chake amachita bwino ku Misuku, ku Phoka, ku Viphya ndi kuno ku Ntchisi. Mvula yoyamba ikagwa amachita maluwa oyera onunkhira kwambiri, ndipo ndi mtengo wokongola ndithu.

Alimi a khofi ndi anansi athu. Amalipirira ana sukulu ndi mbewuyi, ndipo mitengo yawo imagwira nthaka m'malo otsetsereka. Sitinapite kumeneko kukanyoza ntchito ya munthu. Koma pa zimene timaika patebulo la banja lathu, mpingo wathu uli ndi uphungu wake wakale. Kuyambira 1863, pamene Ellen G. White anayamba kuphunzitsa mwamphamvu za moyo wathanzi, a Adventist akhala akulimbikitsidwa kusiya khofi ndi tiyi, ndipo buku lake la The Ministry of Healing la 1905 limafotokoza nkhaniyi. Kufunafuna cholowa m'malo mwa khofi nakonso si kwa lero. Ku Battle Creek, m'dziko la America, chipatala cha Dr. John Harvey Kellogg chinkapatsa odwala chakumwa cha mbewu zokazinga, ndipo C. W. Post, amene anagonekedwapo kumeneko, anayamba kugulitsa chake chotchedwa Postum mu 1895. Mayi wa ku Ntchisi amene akukazinga soya m'chiwaya ali pa mzere womwewo.

Chimene kafeini amachita

Munthu akakhala maso tsiku lonse, mu ubongo mumachuluka kanthu kotchedwa adenosine, kamene kamauza thupi kuti latopa. Kafeini amatseka malo amene uthengawo umafikira. Kutopa kumakhalapobe, koma munthu sakumva. Pakapita maola pafupifupi 5, theka la kafeini amene wamwa limakhala likadali m'magazi, kotero kapu ya madzulo imatha kusokoneza tulo ta usiku. Wozolowera akasiya mwadzidzidzi amamva mutu kwa masiku angapo. Kwa ena mtima umagunda mofulumira. Khofi ndi tiyi zikamwedwa pamodzi ndi chakudya zimachepetsanso ayironi amene thupi limatenga ku nyemba ndi masamba, pamene vitamini C wa m'malambe, m'magwafa ndi m'mandimu amathandiza kuti thupi limutenge bwino. M'dziko limene amayi ndi ana ambiri amavutika ndi kuchepa kwa magazi, iyi si nkhani yaing'ono.

Khofi wozizira wa m'tauni amabweranso ndi shuga wambiri, chifukwa lilime silimva kutsekemera msanga chinthu chikazizira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti munthu wamkulu asapitirire masupuni ang'onoang'ono pafupifupi 12 a shuga pa tsiku, ndipo kuti ndi bwino koposa kukhala pa 6.

Kapangidwe kake

Tinayesa chakumwachi pakhomo pa banja lina la mumpingo, m'mudzi wa m'munsi mwa phiri, mopanda magetsi ndi makina ogayira. Zipangizo zinali chiwaya, lichero, mtondo, sefa, mthiko ndi kansalu koyera.

Choyamba ndi ufa wa soya. Sankhani makapu 2 a soya, chotsani miyala ndi wowola, tsukani, ndipo yanikani aume. Kazingani pa moto wochepa mukutakasa osalekeza kwa mphindi 20 mpaka 30, kufikira atasanduka wofiirira kwambiri mpaka mkati. Thyolani njere imodzi muone: ikakhala yoyera pakati, sanapse. Soya wosapsa amanunkha chiwisi ndipo amavuta kugayika m'mimba. Akada bii ndiye kuti wapserera, ndipo amangowawa. Akazizira, mufikiseni m'manja, petani makoko, sinjani, sefani, ndi kusunga ufawo m'botolo louma lotseka bwino.

Pa chakumwa cha anthu 4, wiritsani lita imodzi ya madzi, thirani masupuni akuluakulu 4 a ufawo, ndipo zibwate pang'onopang'ono kwa mphindi 5. Phulani, vundikirani kwa mphindi 10, kenaka sefani pa kansalu. Zikazizira, sendani mango 2 akuluakulu akupsa bwino ndi nthochi imodzi yakupsa, ndipo zikanyeni pa sefa ndi supuni kuti ulusi utsalire. Maboloma amapereka mnofu wambiri, a kalisere ndi otsekemera koma mudzafuna 5 kapena 6. Sakanizani zonse, onjezani kapu imodzi ya mkaka wa soya kapena wa ng'ombe wowiritsa ndi wozizira, ndipo takasani bwino. Lawani musanaganize za shuga. Mango ndi nthochi zikapsa mokwanira, shuga safunika.

Masuku amalowa m'malo mwa mango: finyani mnofu wa masuku odzaza mbale yaing'ono, chotsani nthangala ndi makoko, ndipo sefani. Ngati mukufuna kukoma kowawasa, viikani malambe odzaza dzanja m'madzi owiritsa ofunda kwa theka la ola, sefani, ndi kuthira pang'onopang'ono. Malambe amalimbitsa mkaka, kotero ambiri mwa amene analawa anakonda chakumwa cha malambe chopanda mkaka. Agogo a pakhomopo atamwa cha mango anati, "Ana inu, fungo ndi lomwe lija, koma ichi chikukhala ngati chakudya." Ananena zoona. Chimakhutitsa, ndipo kapu imodzi ndi yokwanira.

Madzi ndi kuziziritsa

Apa ndi pamene pali ngozi yeniyeni. Nyengo ya mango ndi nyengonso ya ntchentche ndi matenda otsekula m'mimba. Tonse tikukumbukira mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kuundana kwa madzi sikupha tizilombo. Madzi oipa akaundana amakhalabe oipa, kaya ali m'furiji ya kunyumba kaya m'kapepala kogulitsidwa pamsika. Madzi onse a chakumwachi, kuphatikizapo otsukira zipatso ndi opangira timiyala, akhale owiritsa kapena othira klorini. Sambani m'manja ndi sopo musanayambe kusenda.

Amene ali ndi furiji angathe kuumitsa madzi a mango m'timakapu ting'onoting'ono n'kuponya m'chakumwa m'malo mwa madzi oundana, kuti chisasungunuke kukoma. Amene alibe asade nkhawa. Thirani chakumwa m'botolo lotsukidwa ndi madzi otentha, tsekani, ndi kuliimika mumtsuko wa madzi pamthunzi. Mtsuko wadothi umatuluka thukuta, ndipo thukutalo likamauma limachotsa kutentha. Kukulunga botolo ndi nsalu yonyowa n'kuliika podutsa mphepo kumachitanso chimodzimodzi. Ku Ntchisi, kumene usiku umazizira ngakhale m'Novembala, njira imeneyi imagwira bwino kwambiri.

Chakumwa chothira kale zipatso ndi mkaka chisagone ngati mulibe furiji, chifukwa chimasasa msanga. Pokonzekera Sabata, wiritsani ndi kusefa madzi a soya Lachisanu dzuwa lisanalowe, asungeni okha m'botolo mumtsuko, ndipo zipatso muthire pa nthawi yakumwa mukabwera ku tchalitchi. Odwala matenda a shuga amwe theka la kapu pamodzi ndi chakudya, osathira shuga kapena uchi. Amene soya amawatulutsa ziwengo angakazinge chimanga kapena mapira m'malo mwake. Mwana wosakwana miyezi 6 asapatsidwe chilichonse kupatula bere.

Pa tchuthi cha Disembala ana amabwera mango akadalipo. Apatseni chiwaya ndi mtondo kuti akonze okha, ayese masuku lero, malambe mawa, mpaka apeze kakomedwe kawo. Ndipo pokolola soya mu Epulo, mavenda asanafike ndi masikelo awo, patulani ndowa imodzi ya pakhomo.