Agalu a Mpanda Umodzi Akayamba Kulumana

Ntchito yanga ndi yophunzitsa ndi kusamalira agalu, ndipo ndimaigwira mu Blantyre muno ndi m'madera ozungulira. Ambiri amandiitana kuti galu wawo aziyenda pachingwe osakoka, azibwera akaitanidwa, asamalumphire alendo. Zimenezo sizivuta. Ntchito imene imandisowetsa tulo ndi ya agalu okhala mpanda umodzi, odya chakudya chochokera m'khitchini imodzi, amene ayamba kulumana mpaka kukhetsana magazi. Foni yake imakonda kubwera m'mamawa, ndipo mawu oyamba amakhala pafupifupi omwewo khomo lililonse: "Anakulira limodzi agalu amenewa, sindikudziwa chawalowa n'chiyani."

Palibe chimene chimawalowa. Agalu salimbana chifukwa cha chidani chongobadwa nacho. Amalimbirana chinthu chooneka, pamalo odziwika, pa nthawi yodziwika, ndipo ntchito yanga yoyamba ndi kupeza zitatu zimenezi. N'chifukwa chake tsiku loyamba sindigwira galu aliyense. Ndimapempha mpando, ndi kuti andiitanire munthu amene amakhala ndi agaluwo tsiku lonse. Kawirikawiri munthuyo si bwana kapena dona. Amakhala mlonda, mnyamata wa m'maluwa, kapena mayi wogwira ntchito m'nyumba. Iwowa ndiwo amadziwa zonse, kungoti safunsidwa, ndipo ena amaopa kuti akanena zoona mlandu uwagwera. Ndimayamba ndi kuwakhazika mtima pansi: "Achimwene, sindinabwere kudzapeza wolakwa. Tandiuzani, ndewuyo inayambira pati, nthawi yanji, ndipo pansi panali chiyani?"

Mayankho ake sapita kutali. Pambale ya chakudya. Pafupa limene wina anakwirira kuseri kwa thanki. Pakhomo la kukhitchini, pamene fungo la ndiwo limatulukira ndipo pali popanikizana. Pamapazi pa mwini nyumba, pamene akusisita mmodzi wina nkubwera kudzadzilowetsa pakati. Ndiponso pageti. Geti ndi malo amene ambiri sawaganizira. Galimoto ikaimba hutala, agalu onse amathamangira kumeneko mitima ili m'mwamba, akuuwa, akugundana mapewa. Pakadutsa galu wachilendo kunja, sangathe kumufikira, ndipo ukali wonsewo umagwera mnzake amene ali pambali. Mwini nyumba amaona ngati ndewu yabuka popanda chifukwa, pamene chifukwa chake chadutsa kale mumsewu.

Funso langa lachiwiri ndi la zaka. Galu amaoneka wamkulu thupi asanakwanitse chaka, koma mtima wake umakhwima mochedwa, pakati pa chaka chimodzi ndi zaka zitatu. Ali kamwana, galu wamkulu amamulekerera, amamusiyira fupa, amamulola kumukwera pamsana. Akakhwima, zolekererazo zimatha, ndipo nayenso wamng'onoyo saonanso chifukwa chopatukira. Apa m'pamene makomo ambiri amadabwa, poti agalu amene ankagona atatsamirana ayamba kuyang'anizana ndi diso lofiira.

Ndewu isanabuke pamakhala kukambirana kumene ife anthu sitikumva. Galu amauma thupi, mchira nkuima osagwedezeka, maso nkulunjika pa mnzake osaphethira. Ubweya wa pamsana umaimirira. Wina amaika chibwano pamapewa pa mnzake, kapena kugona pakati pa khomo kuti mnzakeyo asadutse. Wofuna mtendere amatembenuza mutu, amanyambita milomo, amayasamula ngakhale alibe tulo, amayenda mozungulira. Ndimaima ndi mlonda pakhonde n'kumamulozera zimenezi chimodzichimodzi, ndipo akangoziona kamodzi saiwalanso. Munthu wodziwa kuwerenga zizindikirozi amatha kuitana galu mmodzi ndi kumupatutsa mano asanatuluke. Theka la ntchito yanga ndi lomwelo.

Chinthu chimodzi ndimachikaniza mwamphamvu: kumenya galu chifukwa walira chapakhosi kapena waonetsa mano. Kulira kumeneko ndi chenjezo, akuuza mnzake kuti atalikire. Mukamukwapula, mkwiyo wake sunathe, mwangomuphunzitsa kuti kuchenjeza n'koopsa. Ulendo wina adzaluma osachenjeza, ndipo galu wotereyu ndi amene ine ndimamuopa kuposa wouwa kwambiri. Komanso chikwapu chikamabwera nthawi zonse pamene mnzake ali pafupi, galu amagwirizanitsa ululuwo ndi mnzakeyo, chidani chimene kunalibe nkuyamba tsopano.

Langizo limene lapweteketsa agalu ambiri kuno ndi lakuti, "Asiyeni, adziwana okha wamkulu ndani." Amalinena anthu abwinobwino, ena oweta agalu kwa zaka zambiri. Maganizo oti pagulu la agalu pamakhala mfumu imene imatenga mpando pomenya anzake anakula ndi kafukufuku wa mimbulu. Rudolf Schenkel analemba m'chaka cha 1947 za mimbulu yotsekeredwa pamodzi kumalo osungira nyama ku Basel, ndipo David Mech anafalitsa maganizowo m'buku lake la 1970. Koma Mech yemweyo, ataonetsetsa mimbulu yakutchire, analemba m'chaka cha 1999 kuti gulu la mimbulu ndi banja chabe, makolo ndi ana awo, ndipo utsogoleri sulandidwa ndi nkhondo. Ine zimene ndaona m'mipanda ya anthu zikundikwanira. Agalu okalipirana, phokoso lambiri koma osabayana mano, amatha kumvana okha. Koma pamene khungu labooka, ndewu iliyonse imakhala sukulu ya ndewu yotsatira. Wopambana waphunzira kuti mano amagwira ntchito. Wogonja waphunzira kuti ayenera kuyamba ndiye. M'mudzi galu wogonja amathawira kudimba kapena kwa aneba mpaka mitima itazizira. Mumpanda wa njerwa alibe kothawira.

Ndisanayambe kuphunzitsa chilichonse, ndimafuna agalu onse aonedwe ndi a vetenale, makamaka ngati amene wasintha khalidwe ndi wachikulire. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Galu wofatsa akayamba kulusira anzake, nthawi zambiri pali pamene pakumupweteka: mafupa a m'chiuno, dzino lothyoka, khutu lotukusira mkati, zilonda za ntchentche kunsonga za makutu, kapena kufooka kobwera ndi matenda a nkhupakupa. Wina maso achita khungu, ndipo amadzidzimuka mnzake akamutulukira mwadzidzidzi. Kumuphunzitsa mwambo galu amene akumva ululu ndi nkhanza, ndipo sikuphula kanthu.

Palinso chiwewe, chimene kuno sitingachiiwale. Galu wopanda katemera akasintha mwadzidzidzi, kuluma chilichonse, kutuluka dovu, kusintha mawu pouwa, imeneyo si nkhani ya mphunzitsi wa agalu. Mutsekereni payekha popanda kumugwira ndipo itanani a vetenale msanga. Kuchokera m'chaka cha 2015 a Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera waulere mu Blantyre muno, choncho palibe chifukwa choti galu wa mumzinda uno akhale wosabayitsa. Ndikalowa pakhomo ndimapempha kuona makhadi a katemera ndisanakhale pansi.

Ndewu zoopsa kwambiri zimene ndakumana nazo ndi za agalu aakazi awiri. Amphongo amachita phokoso, amagwetsana, kenaka amasiyana. Aakazi akafika podana amalumana mwakachetechete ndipo sakhululukirana msanga. Zimakula wina akakhala pa nyengo yofuna wamphongo, imene imabwera pafupifupi kawiri pachaka ndi kutenga masabata awiri kapena atatu, ndiponso akakhala ndi ana. Nyengo yomweyo imasokonezanso amphongo a pakhomopo, ngakhale wamkaziyo ali wa kwa aneba kuseri kwa mpanda. Kufula amphongo kumachepetsa ndewu zolimbirana wamkazi, ndipo ndimalimbikitsa. Koma sindinamiza munthu kuti ndi mankhwala a zonse. Galu amene wazolowera kumenyera mbale adzamenyerabe atafulidwa, ndipo kutseketsa wamkazi kuti asabereke kumachotsa nyengo ija koma sikufafaniza udani umene wakhazikika kale.

Tsopano za kakhalidwe ka agalu athu olondera, pakuti apa m'pamene pamandiwawa mtima. Makomo ambiri amatsekera agalu awiri kapena atatu m'kakhola kamodzi ka malata kuyambira m'mawa mpaka usiku, amati kuti aziluma. M'mwezi wa Okutobala kakhola koteroko kamatentha ngati uvuni. Madzulo mlonda amatsegula chitseko, agalu onse nkutulukira pakhomo limodzi lopapatiza, anjala, otopa ndi kutentha, kenaka nkuwaikira beseni limodzi la nsima ya mgaiwa yosakaniza ndi bonya. Ena amafika poika tsabola m'chakudya kuti galu aluse. Galu wosungidwa chotere salusira wakuba yekha. Amalusira mnzake, mwana wa pakhomo, ndi mlonda amene amamudyetsa. Galu wolondera bwino ndi wokhuta, wopuma pamthunzi, wodziwa anthu ake.

Zimene ndimasintha poyamba n'zosafuna ndalama zambiri. Galu aliyense akhale ndi mbale yake ndipo adyere payekha, chitseko chili chotseka pakati pawo, osati kungotalikitsa mbale pabwalo limodzi. Akatha kudya, mbale zichotsedwe, chifukwa ngakhale mbale yopanda kanthu imalimbiranidwa. Madzi aikidwe malo angapo. Mafupa a kubutchala apatsidwe galu ali yekha m'khola, ndipo otsala atoledwe. Khola ligawidwe pakati, kapena limangidwe lina pamthunzi. Potulutsa, atuluke mmodzimmodzi. Galimoto ikafika, agalu akhale atatsekeredwa kale geti lisanatsegulidwe. Pakhomo pena kungochita izi kumathetsa nkhani yonse.

Pamene magazi anakhetsedwa kale, ndimawalekanitsa kotheratu kwa masabata angapo, osaonana n'komwe. Wina akakhala pabwalo, wina ali mkati, ndipo amasinthana. Izi zimafuna kuti aliyense pakhomopo, mpaka ana, adziwe kuti chitseko chakutichakuti sichitsegulidwa popanda kufunsa. Munthu mmodzi woiwala amagwetsa ntchito ya mwezi wathunthu. M'nthawi imeneyi galu aliyense ndimamuphunzitsa payekha zinthu ziwiri zokha: kubwera akaitanidwa ngakhale pali chomukopa, ndi kupita pamalo pake n'kugona mpaka atauzidwa kudzuka. Ndimamuzoloweretsanso kuvala chotsekera pakamwa, chija chonga kadengu chimene chimamulola kupuma momasuka ndi kumwa madzi. Ndimaika kachidutswa ka nyama mkati mwake kuti alowetse mphuno yekha, kufikira atachikonda.

Kuwabwezeretsa pamodzi kumayambira kunja kwa mpanda, pamalo amene palibe mwini. Anthu awiri, zingwe ziwiri, wina tsidya lino la msewu wina tsidya lija, kuyenda molowera kumodzi. Sitiwayang'anitsa maso ndi maso. Galu akaona mnzake n'kukhalabe womasuka thupi, amalandira kanyama. Akauma thupi, ndiye kuti tayandikira msanga, timatalikiranso. Tsiku ndi tsiku mpata umachepa, mpaka ayende mbali imodzi, kenaka alowe pageti mmodzi pambuyo pa mnzake, akhale pabwalo kanthawi kochepa zingwe zili m'manja. Eni agalu amatopa pamenepa, amafuna kuona zotsatira sabata yomweyo. Ndimawauza kuti liwiro limachokera kwa galu amene ali ndi mantha kwambiri, osati kwa ife.

Ngakhale mutasamala chotani, tsiku lina ndewu itha kubuka, ndipo aliyense pakhomo ayenera kudziwiratu chochita. Osalowetsa dzanja pakati, osagwira lamba wa m'khosi. Galu amene ali pandewu sazindikira dzanja la mbuye wake, ndipo anthu ambiri amalumidwa pamenepo. Ana alowe m'nyumba. Kukuwa ndi kumenya kumangowonjezera moto. Thirani ndowa ya madzi, kapena lowetsani thabwa lalikulu, chitseko chakale kapena mpando pakati pawo. Ngati muli awiri, aliyense agwire miyendo yakumbuyo ya galu mmodzi, ainyamule, abwerere chammbuyo mozungulira kuti galuyo asatembenuke, mpaka wina atalowa kuseri kwa chitseko. Koma ngati wina wakanirira mano pa mnzake, musakoke, chifukwa kukokako ndi kumene kumang'amba mnofu. Dikirani asiye kuti agwirenso, ndipo pamenepo m'pokokera.

Ndewu ikatha, galu wolumidwa apite kwa a vetenale ngakhale bala likuoneka laling'ono. Dzino limaboola kabowo pakhungu koma pansi pake minofu imakhala itaphwanyika, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu pamatupa mafinya. Munthu akalumidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenaka apite kuchipatala tsiku lomwelo, atanyamula khadi la katemera wa galuyo.

Pali makomo ena amene ndimawauza zimene safuna kumva. Ngati galu wamkulu wa mtundu wa Boerboel kapena Rottweiler walusira kagalu kakang'ono, kulakwitsa kamodzi kokha ndi imfa. Ngati agalu aakazi awiri asokedwapo mabala kangapo ndipo amafunafunana ngakhale pali mpanda pakati, kapena pakhomo pali ana aang'ono amene sangakumbukire chitseko, ndimalangiza kuti mmodzi apezeredwe khomo lina. Eni ake amamva ngati ataya mwana, ndipo ndimawamvetsa. Koma galu wogonja amene amakhala moyo wobisala kuseri kwa nyumba, wosadya mpaka mnzake atagona, akuvutika tsiku lililonse, ndipo ndaonapo agalu otere akunenepa ndi kuyambanso kusewera atangosamuka.

Posamutsa ndimaumirira zinthu zochepa. Khomo latsopanolo likhale lopanda galu wina, kapena likhale ndi galu wosiyana naye, wamphongo ngati wosamukayo ali wamkazi, ndipo ayambe akumana kunja kwa mpanda. Khadi la katemera lipite naye, pamodzi ndi mbale yake ndi chogonera chake. Ndipo wolandirayo auzidwe zonse osabisa: analumana ndi ndani, pa chiyani, kangati, ndipo bala linali lotani. Mwini galu akakana kunena zimenezi, ine sindithandiza nawo kumusamutsa.