Mtchona wa Masiku Ano Ali ndi Foni M'thumba

Tikuthokoza Allah potifikitsanso m'mwezi wa Ramadan tili amoyo. Lero tikufuna ticheze za abale ndi anzathu amene tidatalikirana nawo, potengera zomwe tidatola titapita kukamvetsera mlembi wina wa mabuku akufotokoza za ntchito yake.

Tiyambe ndi mawu amene tonsefe tidakula tikuwamva, oti mtchona. Mabanja ambiri a ku Mangochi, Machinga, Balaka ndi Zomba ali ndi dzina lomwe limatchulidwa motsitsa mawu, la malume kapena agogo amene adapita kukagwira ntchito kunja osabwereranso. Ena adatengedwa ndi Mthandizi kupita kuminda ya ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi ku Zimbabwe. Ena adalembedwa ndi Wenela kupita kumigodi ya golide ya ku Joni, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 chiwerengero cha Amalawi m'migodi imeneyo chidapitirira 100,000. Ambiri ankabwerako ndi njinga, wailesi ndi mabulangete. Amene sadabwerere, makalata awonso n'kuleka kufika, ndiwo ankatchedwa matchona. Zaka zikanatha kuchuluka bwanji, munthu wolemba kalata sankatchedwa dzina limeneli. Linkamugwera amene mbiri yake yasowa.

M'mwezi wa Sha'ban, kutatsala masabata awiri kuti tiyambe kusala, tidamva kuti mlembi wina adzacheza ndi anthu muholo ina mumzinda wa Zomba. Tidatenga ophunzira asanu ndi atatu a ku madrasa kwathu, amene m'mawa amakhala ku sekondale. Anawa amawerenga mabuku a Chichewa pokonzekera mayeso a MSCE, koma padalibe ndi mmodzi yemwe amene adaonapo ndi maso munthu wolemba buku. Mwa iwo, asanu ali ndi kholo ku South Africa.

Mlembiyo adali bambo aimvi, mphunzitsi wopuma ntchito, wobadwira m'mudzi wina wa m'mphepete mwa nyanja. Adawerenga nkhani imodzi yaifupi ya m'buku lawo, anthu n'kuwomba m'manja, kenako mafunso n'kuyamba. Mnyamata wina adafunsa kuti luso lolemba adaliphunzira kusukulu iti. Tonse tinkayembekeza kumva dzina la koleji. Iwo adaseka n'kunena kuti adaliphunzira pakhonde, ali Sitandade 6, nthawi imene m'mudzi mwawo ana odziwa kulemba bwino adali owerengeka.

Adafotokoza kuti Loweruka lililonse amayi ankawaitana, atagula kale envulopu ndi sitampu, kuti awalembere kalata yopita kwa amuna awo kumigodi. Mayi ankalankhula m'Chiyao, mwana n'kumalemba m'Chichewa. Pambuyo pa moni ndi kufunsa za moyo pankabwera nkhani: mbuzi yaswa ana awiri, denga la kuchipinda likudontha, mwana uja mudamusiya ali m'mimba wayamba kukwawa, usipa chaka chino wavuta, apongozi anu mwendo udatupanso. Akamaliza, mayi ankalamula kuti awerenge zonse kuchokera poyamba, ndipo mawu amodzi akasowa ankamubweza kuti alembenso. Yankho linkatenga masabata. Likafika ankaitanidwanso, kuliwerenga katatu kapena kanayi, mayi n'kulipinda bwinobwino kukalisunga pansi pa sutikesi. Bambowo adati m'menemo ndi momwe adadziwira kuti wowerenga safuna mawu okometsera, amafuna kuona mbuziyo ndi dengalo.

Kenako adatsitsa mawu n'kutikumbutsa za mwezi wa April 1974, pamene ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi. Mbiri idafika kudzera pawailesi mayina asadamveke. Usiku womwewo amayi adayamba kugogoda pakhomo pa makolo awo, aliyense kalata yomaliza ili m'manja, kuti mwana uja awerengenso ndi kuona ngati mwamuna adatchula mwezi wobwerera. Amene amuna awo ankalemba mwatsatanetsatane adapeza poyambira: uyu adati kontirakiti itha mu August, ndiye kuti sadakwere. Amene adali ndi kalata ya mizere itatu ya moni wokhawokha, kapena opanda kalata n'komwe, adakhala masiku ambiri osadziwa kuti alire kapena ayi. Ngoziyo itachitika, Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu opita kumigodi. Ntchitoyo idayambiranso mu 1977 pansi pa Theba, n'kudzatheratu mu 1988.

Ulendo wa ku Joni sudathere pomwepo, monga tonse tikudziwira. Lero ana athu amapita okha pabasi, kudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, kukagwira ntchito m'mashopu, m'nyumba za anthu ndi m'magalaja ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Mtsikana wina wa gulu lathu adaimika dzanja n'kufunsa ngati nkhani za makalatazi zili ndi ntchito masiku ano, poti aliyense ali ndi WhatsApp. Mlembiyo adamuyankha ndi mafunso. Adapempha kuti amene ali ndi m'bale kunja aimike dzanja, ndipo holo yonse idadzaza manja. Adati atsitse dzanja amene sadziwa dzina la dera lomwe m'baleyo amagona. Manja ambiri adatsika. Adati atsitsenso amene sadziwa ntchito yeniyeni imene akugwira mwezi uno. Pomaliza adafunsa kuti ndani ali ndi nambala ya munthu wachiwiri, amene angayankhe ngati m'baleyo atadwala kapena foni yake itazima. Manja otsala sadakwane khumi.

Funso lomalizali ndi lomwe takhala tikulisinkhasinkha kufikira lero. Foni idachotsa kudikira kwa masabata, koma idabweretsa kutchona kwa mtundu wina. M'bale timamuona kuti ali pa intaneti, chithunzi chake chikusintha sabata ndi sabata, Lachisanu lililonse amatumiza kachithunzi ka maluwa kofunira anthu Jumu'ah yabwino, ndiye timati tikulumikizana. Kachithunziko adatumizira anthu makumi asanu nthawi imodzi, ndipo sikanena ngati wadya, ngati ntchito ija ikadalipo, ngati mapepala ake ali bwino.

Tikayang'anitsitsa, mbali zonse ziwiri zili ndi chomwe zimabisa. Wa kunja amajambulitsa ataima pafupi ndi galimoto ya bwana wake, pomwe usiku amagona anthu anayi m'kachipinda kamodzi. Ganyu ikatha amachita manyazi kunena, chifukwa pochoka adagulitsa ng'ombe ya banja kuti apeze yokwerera basi. Wa kumudzi naye amaimba pokhapokha fetereza akafunika, fizi ikavuta kapena maliro akagwa. Pang'ono ndi pang'ono, wa kunja uja akaona nambala yoyamba ndi +265 mtima umagunda, n'kuisiya foni ikulira. Ndalama ikapezeka amaitumiza pa Mukuru, uthenga n'kukhala wa nambala yotengera ndalamayo basi. Zikatere anthu awiri a mimba imodzi amatha zaka zitatu akutumizirana ndalama ndi zithunzi popanda kucheza ngakhale kamodzi.

Kuipa kwake kumaoneka tsiku la mavuto. Tidaziona mu 2008, mu 2015 komanso mu 2019, pamene alendo ankathamangitsidwa m'madera ena a ku South Africa, makolo kuno akufunsa aliyense wotsika basi ngati adamuonako mwana wawo. Timaziona munthu akagwidwa chifukwa cha mapepala n'kukasungidwa ku Lindela, foni yake n'kungoti zii. Timaziona kwambiri pa imfa. Ife sitichedwetsa maliro, ndipo m'bale akamwalira kutali pamafunika kugwirizana msanga ngati aikidwe komweko kapena thupi libwere kumudzi, komanso kudziwa amene amusambitse ndi kumuswalira. Banja lodziwa mzikiti umene ankaswali ndi mnzake amene ankagona naye limamaliza zonsezi tsiku limodzi. Banja losadziwa limamva mbiri pa Facebook, nthawi zina mwambo utatha kale.

Pali nkhani ina imene mlembiyo adatisimbira anthu atatsala pang'ono kubalalika. Mayi wina wa m'mudzi mwawo adalembetsa makalata zaka zinayi osalandira yankho ngakhale limodzi. Tsiku lina mwana uja adatopa n'kufunsa kuti bwanji akungotaya ndalama ya sitampu. Mayiwo adayankha kuti akufuna mwamunayo, tsiku lomwe adzaganize zobwerera, asadzaope kuti pakhomo adamuiwala. Bambowo sadatiuze ngati mwamunayo adabwerera, ndipo palibe adafunsa. Ife tidakumbukira zomwe timaphunzitsa ana ku madrasa, kuti kulumikiza chibale si kubwezerana moni ndi amene akutiyankha kale. Kumayesedwa pa m'bale amene watidula. Timakonda kunena kuti chibale ndi fupa sichiola, ndipo mwambiwo ndi woona, koma ena aife tausandutsa pobisalira, ngati kuti poti sichiola ndiye palibe chifukwa chochisamalira.

Titabwerera ku madrasa tidagwirizana ndi ophunzira aja kuti aliyense alembe kalata papepala, ya tsamba lathunthu, yopita kwa m'bale amene ali kutali, aijambule ndi foni n'kuitumiza. Lamulo lidali limodzi: musapemphe kanthu. Poyamba adadandaula kuti alibe cholemba. Tidawauza kuti achite ngati amayi a pakhonde aja, anene za nkhuku, za chimanga cha kudimba, za surah imene afikapo, za mphunzitsi wa masamu, za mng'ono wawo amene dzino lagweruka. Amene amakhala ndi agogo osadziwa kulemba adakhala pansi n'kuwalembera, ena n'kuwajambula mawu.

Mnyamata wina adabwera patatha masiku atatu nkhope ikuwala. Bambo ake, amene nthawi zonse amalankhula mphindi imodzi yofunsa ngati ndalama yafika, adatumiza mawu ojambula a mphindi khumi ndi ziwiri. Adamuuza za shopu imene amagwirako, za kuzizira kwa mwezi wa June, za Msomali wina amene amawasungira chakudya chofutulira, ndipo adamupatsa nambala ya mnzawo wa kwa Makanjira amene amagona naye chipinda chimodzi. Mtsikana uja adafunsa za WhatsApp sadayankhidwe mpaka lero, ngakhale foni ikuonetsa kuti kalata idawerengedwa. Sabata yatha adatifunsa ngati alembe ina. Tidamuuza kuti alembe, ndipo adalemba. Tikukupemphani mumukumbukire mu duwa zanu.

Zomwezi zikukhudzanso anzathu. Tonse tili ndi anthu amene tinkakhala nawo mphasa imodzi ku madrasa, tikumvetserana mathero a surah, ndi ena amene tinkagawana nawo chigumu pa buleki ku sekondale, Asilamu ndi Akhristu omwe. Lero tidaunjikana m'magulu a pafoni momwe mumangodutsa mauthenga a maliro ndi zithunzi zotumizidwa kuchokera kwina. M'gulu la anthu makumi asanu ndi limodzi munthu atha kudwala chaka chathunthu osadziwika, chifukwa aliyense amaganiza kuti wina adamufunsa kale. Mnzathu amafunika kumuimbira payekha, kumutchula dzina lomwe tinkamuitanira kale, ndipo akati ali bwino, kumufunsanso kachiwiri modekha. Nthawi zambiri nkhani yeniyeni imatuluka pa funso lachiwirilo.

Mwezi uno watipatsa mpata umene miyezi ina ilibe. Pakati pa Asr ndi Maghrib ambiri timakhala tikungoyang'ana dzuwa, ndipo tikachoka ku tarawehi tulo sitibwera msanga. Wotchi ya kuno ndi ya ku South Africa, Zimbabwe ndi Zambia ndi imodzi, choncho palibe chovuta pogwirizana nthawi. Bandulo ya tsiku limodzi ikwanira. Tisadikire sabata ya Eid, pamene foni iliyonse yochokera kumudzi imamveka ngati yofunsa za zovala za ana. Tiimbe masiku ano, tinene poyambirira kuti sitikufuna kanthu, tangofuna kumva mawu awo. Tifunse komwe amagona, amene amafutulu nawo, mzikiti umene amaswali, ndipo nambala ya munthu wachiwiri tiilembe m'kope, chifukwa foni imatayika.

Inunso abale athu amene mukuwerenga muli kunja, makolo anu atha kupirira kumva kuti ntchito yatha. Chimene chimawadwalitsa ndi kusamva kalikonse. Auzeni zoona, ngakhale mwezi umene mulibe chotumiza. Ndipo inu ana a sukulu, amene mumadziwa kulemba ndi kugwiritsa ntchito foni kuposa tonsefe, khalani pakhonde ndi agogo anu madzulo ano muwafunse kuti akufuna kumuuza chiyani mwana wawo.

Allah atilandire kusala kwathu, awasunge abale athu kulikonse kumene ali, afewetse mitima ya amene adakhala chete, ndipo atikumanitsenso tili amoyo. Ameen.