Mwala wa pa Namalenje

Munthu akaima pamchenga ku Senga Bay n'kuona matanthwe a pachilumba cha Namalenje, funso lakalekale limamubwerera: kodi Mphambe angalenge mwala woti iye mwini alephere kuunyamula? Akaulenga, pali chomwe chamukanika. Akapanda kuulenga, chimodzimodzi.

Al-Ghazali, Msilamu amene anamwalira mu 1111, ndi Thomas Aquinas, Mkatolika amene anamwalira mu 1274, anayankha mofanana: mawu odzitsutsa okha satchula chinthu chenicheni, choncho palibe chimene Mulungu walephera. René Descartes anakana, nati ngakhale malamulo a masamu anawaika ndi Mulunguyo.

Ku Salima kuno, komwe mzikiti ndi tchalitchi zimayang'anizana, funsoli limapweteka kwambiri mwera ukagubuduza bwato la asodzi a usipa usiku.