Mbiri ya Dziko Ili m'Kathumba Kanu

Amayi anzanga, sabata yatha ndinachoka kwathu ku Namitete kukayendera gulu la amayi ku Nsaru, m'dera la mfumu yaikulu Kabudula. Linali tsiku la msika. Mtedza ndi nyemba zinali mbwee, ndipo fumbi la ngolo silinatisiye.

Pogula tomato ndinapatsa mtsikana wina K200, ndipo ndinamufunsa dzina la mayi wojambulidwa pandalamapo. Anangoseka mwamanyazi. Mtima unandiwawa, pakuti ameneyo ndi Rose Chibambo, amene anasonkhanitsa amayi pomenyera ufulu umene tinalandira pa 6 July 1964.

Ambiri mumati mulibe mabuku ophunzitsira ana pakhomo. Masulani mfundo ya chitenje madzulo ano. Pa K500 pali John Chilembwe. Auzeni ana kuti mu 1897 iye anapita ku America, nakaphunzira ku Lynchburg pakati pa anthu akuda amene ukapolo wawo unathetsedwa mu 1865. Anabwerera mu 1900 ndi kutsegula mishoni ku Mbombwe, ku Chiradzulu, ndipo mu January 1915 anaukira azungu chifukwa cha thangata. Mwana akafunsa kuti thangata n'chiyani, mutumeni kwa agogo ake.

Tisanabwerere tinakhala kumbuyo pa bwalo la mfumu, pomwe ankaweruza mlandu wa malire a munda. Mayi wina anabwera ndi mwana wake wamwamuna kuti amve mmene mboni zimalankhulira. Mnyamatayo sanaphethire mpaka nduna inawomba m'manja.